Bambo a kunyumba asiya mapiritsi, ati ali m'manja mwa asayansi

Aphungu,

Amuna anga ndi telala. Chaka chatha adokotala anapeza kuti mnofu wa mtima wawo wakula n'kufooka, ndipo anawapatsa mapiritsi. Kenako anawalemba m'kafukufuku. Miyezi itatu iliyonse amawatenga magazi pofufuza tinthu totchedwa RNA, tozungulira ngati mphete, tomwe akuti mwina tingamasonyeze mmene matendawa akuyendera.

Chilowereni m'kafukufukumu, bambowa sakugwirika. Kasitomala wodzayesa thalauza amayamba wamva kaye za mphete. Mapiritsi anasiya, ati amawakodzetsa pafupipafupi, ntchito n'kumaima. Nditawadandaulira anati, "Mayi a mwana, ine ndili m'manja mwa asayansi. Mapiritsi ndi a anthu wamba."

Pano mapazi atupa, nsapato sizikulowa, makina akupalasa atavala patapata. Masitepe asanu a pashopu akangokwera, wefuwefu. Andiletsa kuuza adokotala poopa kuchotsedwa m'kafukufuku. Ine umasiye ndikuuopa. Nditani?

E. N.

Mayi E. N.,

Amuna anuwo ndawagomera! Telala wathunthu, watha zaka akuyeza ziuno za anthu, osadziwa kuti tepi siisoka malaya? Kutengedwa magazi n'kuyezedwa chabe. RNA yozungulirayo akatswiri akadali kuifufuza, ndipo imene ikutuluka pamkono pa amuna anuwo siikuwachiza chilichonse. Mtima wofooka sumva matama, ndipo kutupako n'kutheka kuti ndi madzi omwe mapiritsi aja ankachotsa.

Inunso musandikhumudwitse. Mwamuna akufufuma mukuona, inu kalikiliki kusunga chinsinsi? Mawa lomwe pitani nawo kuchipatala, botolo la mapiritsi lili m'manja, mukanene tsiku limene anasiya. Akakana, pitani nokha mukauze namwino wa kafukufukuyo. Za kukodzazo akawafotokozere adokotala, ndiwo angasinthe nthawi yomwera. Musawayambitsenso mapiritsi mwa nzeru zanu. Akakwiya, akwiye. Munthu wokwiya amakhala akupuma.

Koma chenjerani: akayamba kubanika ali chigonere, kapena kumva kupweteka pachifuwa, musadikire mawalo. Thamangirani nawo kuchipatala pompo.

Ndipo mwamuna wanu wasayansiyo mumuuze izi. Magazi ake ali m'firiji, asungika bwinobwino kwa zaka. Ofufuza adzalemba zomwe apeza, kaya mwini magazi alipo kaya palibe. Inu firiji yosungiramo mwamuna mulibe.