Kiyi wa geti langa

Lachitatu. Kwazizira tsiku lonse, ndipo magetsi chipitire m'mawa sanabwerebe.

Tendai, mwana wanga, anabwera ndi bambo wina wa ku Graniteside woika ma alamu. Chiwabereni batire la sola a Moyo, oyandikana nafe, mtima wa Tendai suli m'malo. Bamboyo akuti mitundu ilipo iwiri: alamu wamba wa sairini padenga, kapena wa makamera ndi loko wa geti wotsegulira pafoni. Tendai akufuna wa pafoni. Pafoni yake, poti yanga ndi ya mabatani.

Ndinamufunsa kuti, "Azakhali ako akatsika basi ya ku Chipata osauza munthu, monga amachitira, n'kuima pageti kuti odi, awatsegulire ndani?"

"Ndizitsegula ndili kuntchito ku Workington, adadi. N'zosavuta."

Zosavuta! Ine ndili m'nyumba mwanga, mlongo wanga ndikumuona pawindo atasenza thumba la mtedza, ndizidikira mwana andiloleze?

Ndasankha sairini. Ikalira, mzere wonse uno wa nyumba za ku Glen Norah utuluka ndi mipini. Kamera ingamuonetse Tendai akuba ali m'kati, iye ali kutali, azingoonerera.

Tendai wachoka osatsazika. Koma ndinamuona pageti akugwedeza loko wakale uja kuti aone ngati wagwira, momwe ndinkachitira ine iye ali mwana. Ndiye kuti si ulamuliro akufuna, ndi mantha chabe.

Mwina mawa ndimuuze kuti kamera imodzi, ya kuseri kwa nyumba, aike. Koma kiyi wa geti yekhayo...