Ufa pa Dziwe la Bwana

Lachitatu, Okutobala. Kwatentha, ndipo mtima suli m'malo.

Dziwe losambiramo la bwana labiriwiranso. Dzulo ndinathira kolorini wokwanira, lero ngakhale fungo lake palibe. Bwana akuti, "Madala, mukugulitsa mankhwala anga kumalire ku Zobue. Likapanda kuyera pofika Loweruka, mukalongosola kwa ayufi a chipani." Ine wakuba, ndi imvi zonsezi?

M'mawa ndapeza ufa woyera ukuyandama pakona ya kumvuma. Pamenepo mpamene panali kasupe wathu bwana asanamange mpanda, pomwe malemu amalume ankathira nsembe. Odziwa malowo tinatsala awiri, ine ndi mlongo wanga Nabanda, ndipo iye tinamuika chaka chatha. Kiyi wa pageti ndimagona naye m'thumba.

Ufawo ndauyengula, koma kuutaya ndaopa. Uli m'chitini pansi pa bedi. Loweruka ndikanena kuti wathira ndani, poti...