Mphindi Zisanu za Bambo Masangano

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YOKUMBUKIRA ANKHONDO YA MITUNDU NDI NATHENJE

Tsiku: Loweruka, 26 Okutobala 2024
Malo: Chipinda chosungira matumba, kuseri kwa golosale ya Wapampando, pa Mitundu
Nthawi yoitanira: 9:00 m'mawa
Nthawi yoyambira: 10:40 m'mawa

Opezekapo:
Bambo Patson Kadzakumanja, Wapampando (Mitundu)
Mayi Lydia Chimphepo, Wachiwiri kwa Wapampando (Nathenje)
Bambo George Mtsitsa, mphunzitsi wopuma, woona za mbiri yakale
Bambo Efulemu Kanyemba, mkulu wa mpingo, woona za mapemphero
Chithokozo Katsabola, Mlembi

Mlendo wopanda voti: Bambo Gilibati Masangano, msilikali wopuma, amene pano amakonza njinga pamsika wa Mitundu

Osabwera: Mayi Esitere Kuchombo (anapepesa, akudwazika matenda ku Nkhoma), Bambo Blessings Dzimbiri (sanapepese, koma anaoneka akudutsa panjinga yamoto kawiri)

1. KUTSEGULA MSONKHANO

A Kanyemba anatsegula ndi pemphero la mphindi khumi ndi zinayi. Wapampando anakumbutsa komiti kuti mwambo wokumbukira ankhondo udzachitika Lolemba pa 11 Novembala pabwalo la mpira, kuyambira 10:30 mpaka 12:30, popeza mlendo wolemekezeka wochokera ku boma wanenetsa kuti sadzapitirira pamenepo. Iwo anati dziko loiwala asilikali ake lili ngati nyumba yopanda mzati, ndipo anapempha Mlembi kuti mawu amenewa awalembe monga anatulukira. Atatero anauza a Masangano, amene anafika 9 koloko isanakwane, kuti akadikire panja mpaka nkhani yawo itafika.

2. ZOTSALA ZA MSONKHANO WATHA

Mayi Chimphepo anabwereza dandaulo lawo lakuti dzina la komiti liziyamba ndi Nathenje, chifukwa Nathenje ili pamsewu waukulu wa M1 ndipo anthu a ku Blantyre amaidziwa. Wapampando anati anthu a ku Blantyre amaidziwa chifukwa cha chimanga chowotcha. Nkhaniyi inaimitsidwa kachitatu.

3. PULOGALAMU YA TSIKULO

Komiti inagawa maola awiriwo motere: pemphero lotsegulira, mphindi 15; kudziwitsa alendo ndi maudindo awo onse, 20; mawu a Wapampando, 25; mawu a Wachiwiri, 20; mbiri ya nkhondo ya ku Burma ndi a Mtsitsa, 12; mganda, 10; mawu a mlendo wolemekezeka, 16; kukhala chete, 2.

Mayi Chimphepo anafunsa chifukwa chimene Mitundu yalandirira mphindi 25 pamene Nathenje yalandira 20. Atakambirana kwa theka la ola, mphindi imodzi inachotsedwa pa kukhala chete n'kupatsidwa kwa Mayi Chimphepo. A Kanyemba atapemphedwa kuti afupikitse pemphero, anati Mulungu saonetsedwa wotchi.

4. KALATA YA A MASANGANO

A Masangano anaitanidwa. Mlembi anawerenga kalata yawo. M'kalatamo iwo anafotokoza kuti anali m'gulu la asilikali a Malawi amene ankalondera njanji ya ku Nacala nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, ndipo anzawo anayi a m'dera lino anafera kumeneko. Anapempha mphindi zisanu kuti adzatchule mayina a anayiwo pagulu. Analemba kuti mkazi wamasiye wa mmodzi wa iwo, Mayi Edina Chakwawa, akudwala kwambiri, ndipo chiikireni amuna awo m'manda sanamvepo dzina lawo likutchulidwa pa mwambo uliwonse. Ana awo alonjeza kudzawabweretsa pangolo ngati dzinalo lidzatchulidwe.

Wapampando anathokoza chifukwa cha kalata yolembedwa bwino. Anati tsoka lake pulogalamu yadzaza.

A Mtsitsa anati komiti isasokoneze nkhondo ndi ulonda. Anati nkhondo yeniyeni inali ya ku Burma, masiku amene msilikali ankayenda nsapato zikuwala ngati galasi ndipo amayi ankagwada akamva lipenga, osati za masiku ano zimene aliyense wogwira mfuti akufuna kuomberedwa m'manja. Anakumbutsa komiti kuti agogo awo anali msilikali wa Mfumu ya ku Mangalande. Mayi Chimphepo anafunsa ngati agogowo ndi omwe aja anabwezedwa ku Zomba chifukwa cha chifuwa. A Mtsitsa anati chachikulu n'chakuti ananyamuka.

A Kanyemba anapempha kuona mayinawo. Atawaona, anati mmodzi wa anayiwo akumudziwa bwino: sanali wa mpingo, anali wa kudambwe, ndipo dzina lotere silingamveke pa mkuzamawu womwewo umene watulutsa pemphero. A Masangano anayankha kuti: "A mkulu wa mpingo, bomba lija silinamufunse kalata ya mpingo." Wapampando anawakumbutsa kuti mlendo amalankhula akalozedwa.

Mayi Chimphepo anafunsa kuti mwa anayiwo, a ku Nathenje ndi angati. Atauzidwa kuti ndi mmodzi, anati izi ndi zomwe akhala akunena: chilichonse m'komiti muno chimapendekera ku Mitundu. Anati mayina akhale awiri kwa awiri, apo ayi atchulidwe mmodzi wa uku ndi mmodzi wa uko, enawo adikire chaka chamawa. A Masangano, asanalozedwe, anati: "Pepani mayi, ndikanadziwa ndikanawauza kuti azifa mosinthana."

Wapampando anati mawu amenewa ndi achipongwe. Anawonjezera kuti mlendo wolemekezeka akubwera ndi ojambula, ndipo si bwino kumuziziritsa mtima ndi mayina a maliro mganda utangotsala pang'ono kulowa. Anati ankhondo onse, amoyo ndi akufa, iwo adzawatchula pamodzi m'mawu awo pogwiritsa ntchito mawu akuti "ngwazi zathu", amene sasiya munthu kunja.

A Masangano anati ngati mphindi zisanu zachuluka, ziwiri zikwana, popeza mayinawo ndi aafupi. Kenaka anati ngakhale imodzi. Anapempha a Mtsitsa kuti awabwereke imodzi mwa khumi ndi ziwiri za Burma. A Mtsitsa anati Burma ndi dziko lalikulu.

Chigamulo: Pempho linakanidwa, mavoti atatu kwa imodzi. Wapampando sanavote, ndipo anapempha kuti zilembedwe kuti iwo alibe mbali.

5. ZOVALA NDI CHITHUNZI

Komiti inagwirizana kuti a Masangano, pokhala msilikali yekhayo wamoyo amene komiti yakwanitsa kumupeza, adzakhale pampando wakutsogolo pafupi ndi mlendo wolemekezeka, atavala yunifolomu. A Masangano anati yunifolomu anabweza tsiku lopuma ntchito, ndipo chimene ali nacho ndi jekete la pakaunjika limene analivala pamsonkhanowu. Komiti inaliyang'ana jeketelo kwa kanthawi.

A Mtsitsa anati anyamata a mganda amaoneka ngati asilikali kuposa mmene a Masangano akuonekera, choncho abwerekedwe malaya oyera, kabudula ndi masokosi aatali a gululo. A Masangano anapinda buluku n'kuonetsa komiti mwendo wawo wakumanzere umene unavulala kunkhondo, kuyambira pabondo kutsika. Mayi Chimphepo anati aphimbe, anthu sanadye. Zinagwirizanidwa kuti mwendowo si wa kabudula, ndipo pachithunzi a Masangano adzaime mzere wachiwiri, kumbuyo kwa oimba ng'oma.

6. ZINA NDI ZINA

A Kanyemba anapempha kuti okazinga tchipisi adzazimitse moto nthawi ya pemphero, chifukwa chaka chatha anthu ankatsinzina diso limodzi. Zinavomerezedwa.

A Masangano anakweza dzanja. Wapampando anayang'ana kudenga. A Masangano anaimirira, navula chipewa, nati popeza pa zina ndi zina palibe amene waikapo wotchi, atchula pompano. Ananena motere:

"Luka Chakwawa, wa kuno ku Mitundu. Ankaopa njoka kuposa zipolopolo. Anasiya mkazi ali ndi pakati.

"Dafita Nsaliva, wa kufupi ndi Dzalanyama, amene a mkulu wa mpingo amukana uja. Ndi amene anandibereka kumsana mwendo utaphulika. Anafa patapita milungu iwiri.

"Simeoni Kalilangwe, wa kuno. Anali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi. Ankatilembera makalata tonse osadziwa kulemba bwino.

"Filipo Mwadzaangati, wa kwanu ku Nathenje, mayi. Mchemwali wake amagulitsa tomato moyang'anana ndi saluni yanu."

Malinga ndi wotchi ya pafoni ya Mlembi, zonsezi zinatenga masekondi makumi anayi ndi asanu.

Wapampando analamula kuti mayinawa asalembedwe, popeza komiti yawakana kale pa ndime 4. Mlembi anafotokoza kuti komiti yakana kuti atchulidwe pabwalo, koma ntchito ya mlembi ndi kulemba zimene zanenedwa mumsonkhano.

A Masangano anadziwitsa komiti kuti pa 11 Novembala sadzabwera kubwalo. Anati 11 koloko ikadzakwana adzakhala pakhonde pa Mayi Chakwawa, kumene adzatchule mayinawo kenaka n'kukhala chete mphindi ziwiri zonse. Anapempha a Mtsitsa ndi a Kanyemba kuti anyamuke pabenchi imene anakhalira, chifukwa ndi ya pamalo awo okonzera njinga ndipo makasitomala akhala pansi kuyambira m'mawa. Anaisenza n'kutuluka.

Mayi Chimphepo anafunsa kuti tsopano mlendo wolemekezeka adzagwira chanza ndani pamaso pa ojambula. Komiti, itaimirira, inagwirizana kuti pampando wa msilikali padzakhale a Mtsitsa atavala chipewa cha agogo awo. A Mtsitsa anavomera udindowu modzichepetsa, napempha kuti aonjezeredwe mphindi zitatu. Zinapezeka.

7. MSONKHANO WOTSATIRA

Loweruka, 2 Novembala 2024, 9:00 m'mawa, ku Nathenje. Mamembala abwere ndi mipando yawo.

8. KUTSEKA

Msonkhano unatha 1:25 masana.

Wapampando: .................................... (Akana kusayina mpaka mayina anayi a pa ndime 6 atafufutidwa.)

Mlembi: C. Katsabola (Wasayina. Kope limodzi laperekedwa kwa Mayi Edina Chakwawa, ndipo mwana wawo wawawerengera ndime 6 kawiri.)