Nduna Yotsegulira Ketulo

Lolemba, 3 Febuluwale 2025

Shifiti yaitali kunyumba ya okalamba, kuno kwa azungu. Basi kuchedwa, kuzizira mpaka m'mano. A Kwadwo a m'chipinda chakumapeto sanadyenso. Munthu anali phungu ku Ghana, kenako nduna ya misewu, lero akulimbana ndi ine pa nkhani ya phala. Ukapanda kuwatchula Onarebo satembenuka n'komwe. Akuti nduna sidyera pathireyi ngati mkaidi. Manejala wanenetsa: sikelo ikatsikanso pakutha pa mwezi, apita kuchipatala, paipi m'mphuno. Mwana wawo wa ku Corby analira pafoni. A Onarebo aonda, thalauza akuchita kumanga ndi tayi.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Kwabwera ketulo yatsopano. A Onarebo kufunsa kuti waitsegulira ndani. Mayi Hawabai, agogo achimwenye obadwira ku Limbe, Chichewa chawo chothwa kuposa changa, anandikodola: "Anganile, manga kansalu, munthuyu adule." Ndinakulunga ketuloyo ndi bandeji. Abale inu! A Onarebo anaimirira okha, osagwira ndodo. Mawu a theka la ola, kuthokoza boma, mafumu ndi amayi a kumsika. Atadula anafunsa kuti chakudya cha alendo olemekezeka chili kuti. Mpunga mbale yonse, psiti. Ndinakalirira kutoileti.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Tatsegulira mpando wosambira, bini ya pakhonde, makatani. Riboni ndinagula pa Belgrave Road, yotsala pa Diwali, chikondwerero cha amwenye. Darlington, mnzanga wa pantchito, ndiye woimba m'manja, ine nthungululu. Mayi Hawabai adzipatsa okha udindo wotsutsa boma. Mwambo uliwonse amafunsa kuti nanga msewu uja uli kuti. A Onarebo amayankha kuti uli m'mapulani, kwinaku akutafuna.

Lachiwiri, 18 Febuluwale

Zotsegulira zatha. Manejala akuti sangagule zinthu chifukwa cha zisudzo zanga. Ndinamanganso riboni paketulo ija, mwina aiwala. Aiwale ndani? "Mwana wanga, mlatho umodzi ndinautsegulira kawiri, mpando unapita." Sanadye. Dzulonso sanadye.

Loweruka, 22 Febuluwale

Mayi Hawabai alengeza kuti akuima pa upampando wa komiti ya okhala muno. Komiti yake yosankha filimu ya Lamlungu basi. A Onarebo nawo aima. Ndinati zikomo Ambuye, adya kuti apeze mphamvu. Ayi ndithu. Chakudya chawo chasanduka cha kampeni. Pudini kwa uyu, masoseji kwa uyo, bisiketi m'thumba la aliyense. Alonjeza lifiti yachiwiri ndi dziwe losambira. Iwo angomwa tiyi basi. Ndawakalipira Mayi Hawabai kuti mwandiphera munthu. Angoseka, ati dikira.

Lachiwiri, 25 Febuluwale

Chisankho. Mavoti m'chitini cha bisiketi. A Onarebo apeza imodzi, yawo yomwe. Amene anadya masoseji onse avotera Mayi Hawabai, pakuti mdzukulu wawo Faisal anabwera ndi samusa beseni lathunthu. Madala anakakhala pampando wawo wa pawindo, tayi pakhosi, maso panja. Ndinaopa kuwayang'ana. Ndinayamba kuganiza zoti ndimuuze chiyani mwana wawo.

Madzulo belu. Ndikulowa, ndawapeza a Onarebo atalusa koopsa. Akuti awabera poyera, nkhaniyi ipita kukhoti, ndipo sangafe mayi uja ali pampando. Ndibweretse mpunga ndi nkhuku.

Lachisanu, 28 Febuluwale

Sikelo yakwera. Pang'ono, koma yakwera. Manejala wati zachipatala tiziiwale kaye. Mwana wawo anandikumbatira mpaka baji yanga kuthyoka.

Ndinapita kukapepesa kwa Mayi Hawabai. Akuti filimu alibe nazo ntchito, maso saona. Akanapambana madalawo, bwenzi atagona n'kutsirizika. "Malemu amuna anga anafika zaka naini-te chifukwa chondikwiyira. Uyu ndimusunga mpaka Khirisimasi, kenako tiona." Mawa akuti akhala pampando wa pawindo wa a Onarebo dala.

Ndikulemba izi pa buleki, tiyi wazizira. Belu la chipinda chakumapeto likulira kachitatu. Darlington wasuzumira, akuti a Onarebo akufuna mbale yachiwiri ndi loya, ndiye ndiyambe ndi mbale.