Nambala Ili pa Foni ya Alamu

Area 13, Lilongwe

Okondedwa Achimwene a Shadrick,

Muli bwanji ku Joniko? Chifuwa chija chinakusiyani? Kuno tili bwino, kungoti mutu ukundiwawa chifukwa cha alamu athu a Bonaventure, amuna a Esnati.

Mukudziwa kuti kampani ya Esnati yoperekera mankhwala m'zipatala yakula, ndipo kakompyuta ka mu ofesi ku City Centre kaja kamangofa magetsi akazima. Ndiye ndakhala ndikusamutsira zonse ku klaudi, ndiko kuti pa makompyuta obwereka a kampani yakunja. Ndinalumikiza angapo kuti azigwira ntchito limodzi, timati klasita. Pulogalamu iliyonse imakhala m'kabokosi kake, kontena, ndipo pali kapitawo wake, dzina lake Kubernetes. Kontena ikafa, iye amaichotsa n'kudzutsa ina pompo. Kapitawoyo amamusamala ndi eni klaudi, ife timangomutuma.

Tsiku lotsegula akaunti ya klaudiyo, alamuwo anabwera atatchena suti, perefyumu kununkhira mpaka pa masitepe. Anati mwamuna ndiye mutu wa banja, choncho tilembe nambala ya foni yawo. Munthu woti pulinta ikatha mapepala amati yawonongeka! Esnati anati tiwasiye asangalale.

Tsopano Esnati watulukira kuti alamuwo ali ndi mkazi wina ku Area 47, mwana akuyenda kale. Anawalongedzera zovala. Iwo kufika kumeneko anasintha mawu achinsinsi, ndipo nambala yolowera mu akauntimo imapita pa foni yawo. Klasita ndinaimaliza, koma ndatsekeredwa kunja, zipatala zikudikira.

Ndinawapeza ku Old Town akudya tchipisi. Anandiuza, mafuta ali chezichezi pamilomo, kuti nambalayo adzapereka tsiku limene Esnati adzawatsegulire chitseko. Akuti akuimbirani inu, monga nkhoswe, kuti mukonze banja. Anaseka mpaka kutsamwa. Ndinangoti mumtima, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Chondiopsa n'chakuti Esnati wayamba kufewa. Akuti zipatala zikatithawa, antchito ake adya chiyani? Wawonda, achimwene. Akufuna kubweza munthu amene sakumufunanso, chifukwa cha kanambala.

Chonde, akaimba musawanyengerere. Ndikudziwa mukukonzeka kunena zija zakuti banja n'kupirira, koma ulendo uno zisungeni. Muimbireni Esnati, inu amakumverani. Mumuuze kuti mapulogalamu ndi zonse za makasitomala zikadali pa kakompyuta kakale kaja, ndimanga klasita ina pa akaunti ya dzina lake. Tichedwa, ena atithawa, koma sitifa nazo.

Kontena ikawola, makina aja saitana ankhoswe. Amangoichotsa.

Mundiperekere moni kwa alamu a Hellen ndi ana. Mulungu akusungeni kuchilendoko.

Ndine mlongo wanu,
Emmie