Tambala Amene Anatsala pa Geti

Masinloc, Zambales
9 Okutobala

Okondedwa achemwali anga, Ate Luningning,

Ndikhulupirira kuti kuzizira kwa ku Milan sikunakudwalitseni. Kuno mvula yachepa, ndipo manda a mkazi wanga Pacing ndawapaka kale laimu.

Mwana wanga Dalisay ananyamuka Lachiwiri. Sitima yawo yankhondo yatsopano ija yapita kumatanthwe a m'nyanja a kumadzulo, kumene asodzi athu akuthamangitsidwa ndi sitima zachilendo. Tsiku lobwerera sanena.

Lamulungu asananyamuke, akuluakulu a asilikali anatilola makolo kukaiona. Mukudziwa kuti kwathu kuno bwato latsopano sililowa m'madzi lisanadonthezedwe magazi a nkhuku yoyera. Pacing ndiye ankachita zimenezi pa mabwato anga onse. Choncho ndinanyamula tambala m'dengu. Msilikali wa pageti anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Tatang, ameneyu wabwera kudzalembetsa usilikali, kapena ndi ndiwo za akaputeni?"

Dalisay anafika akuthamanga. "Tatay, bambo anga, mundichititsa manyazi! Ansembe anaidalitsa kale. Sitimayi imaona ndege maso asanaione."

Tambala anatsala pageti, womangidwa mwendo.

Sitimayo ndi yokongola, Ate. Akuti mtengo wake ungamange zipatala m'chigawo chathu chonse. Koma kuseri kwa mfuti yaikulu ya kutsogolo ndinaona malo opanda kanthu, chitsulo chosalala chopakidwa penti basi. Ndinafunsa sajeni amene ankatiyendetsa.

"Apa ndi pa mizinga yogwetsera ndege, Tatang. Malo alipo, mawaya alipo. Mizingayo ndiye ikudikira bajeti."

"Nanga akakuwomberani bajetiyo isanafike?"

"Tidzawagenda ndi buledi wa kukhitchini kwathu. Ameneyo amaboola chitsulo!"

Makolo onse anaseka. Dalisay sanaseke, anangoyang'ana kumadzi. Sitima zotere tili nazo zochepa kwambiri, pomwe zachilendo zija asodzi amati amachita kutopa kuziwerenga.

Potsazikana Dalisay anatenga dzanja langa n'kuliika pamphumi pake, monga timachitira polemekeza makolo. Anachedwa kulisiya. Kenaka ananong'ona kuti, "Tatay, mukafika kunyumba mukamuphebe tambala uja. Mukatchule dzina la sitima."

Chiyambire matenda a mayi ake, mwanayu sanandipemphepo kanthu.

Tambalayo ndinamupha kudoko kwathu, nkhope nditalozetsa kumadzulo. Koma magazi anagwera pamchenga, sanakhudze sitimayo. Ndiponso pali mawu amene Pacing ankanena chapansipansi, ine n'kuti ndili kalikiliki kugwira bwato. Sindikuwadziwa. Ndinangotchula dzina la sitima ndi la mwana wanga.

Ate, inu munkaima pafupi ndi Nanay, mayi athu, akamachita zimenezi pa bwato la bambo athu. Kodi mawuwo mukuwakumbukira? Nanga zimagwira ntchito magazi akapanda kukhudza chombocho? Ngati sizigwira, musandibisire. Koma yankhani msanga, musadikire Khirisimasi.

Moni kwa alamu anga, Kuya Berting. Mukapita ku Misa mukayatse makandulo awiri. Limodzi ndi la Pacing. Linalo ndi la Dalisay, koma musaliike pafupi ndi la mayi ake.

Ndine mlongo wanu,
Tasyo