Mpweya M'paipi ya Thirakitala

Lachiwiri, 12 Novembala

Chipale chofewa chagwa, chofika m'akakolo. Pansi pa thirakitala banga lachikasu, fungo la dizilo. Paipi ya mafuta yang'aluka pafupi ndi nati. Ng'ombe khumi ndi zinayi. Mtolo umodzi wa udzu anthu asanu sangaunyamule, popanda thirakitala sizidya. Lero ndazitapira ndi foloko ya udzu, pang'onopang'ono. Msanawu ukuwawa.

Mwana wanga Darlene, amene amanditchula Tato m'malo mwa bambo, ananena titaika mayi ake, "Tato, tsiku limene ng'ombe zidzagone ndi njala, ndikudzakutengani ku Yorkton." Kunyumba ya okalamba. Sanali kuseka.

Lachitatu, 13 Novembala

Ndamanga ndi mphira wa chubu. Wagwira mpaka pageti, kenako injini yatsokomola n'kuzima. Ndinkadziwa ndithu, dizilo amadya mphira. Uchitsiru wa munthu wamkulu.

Orest wa famu yoyandikana nane waimika galimoto pamsewu. "Metro, iwe ndi chitsulo chakocho, tiyambe kukumbira manda ndani?" Ndati ndikungoipumitsa. Kumuuza iye ndi kuuza mkazi wake, ndipo mkazi wake ali ndi nambala ya Darlene.

Lachisanu, 15 Novembala

Dzulo kutauni, ku Canora. Paipi yatsopano, timphete tiwiri ta mkuwa. Ndaika m'mawa, zala zosamva kanthu. Nati inagwera m'chipale, theka la ola ndili chogwada.

Sikudonthanso. Koma injini yakana kulira. Mpweya unalowa m'mapaipi. Kuuchotsa kumafuna awiri, wina pampando kupotokola kiyi, wina pansi kumasula nati ya pa injini mpaka thovu litatha, mafuta n'kutuluka oyera. Zaka makumi anayi pampando ankakhalapo ndi Nastia, mkazi wanga, atavala chikhoti changa, akukuwa, "Basi kapena ndipitirize, mdala iwe? Supu ikupserera uku!"

Ndaima nthawi yaitali ndi sipanala m'manja.

Loweruka, 16 Novembala

Ndayesa ndekha. Kumasula, kukwera, kupotokola, kutsika. Pofika pansi mpweya wabwereramo. Kanayi. Batire layamba kufooka.

Udzu wa foloko sukuzikwana ng'ombe. Zikungoima pampanda n'kumayang'ana khomo la nyumba. Ndadya buledi ndi soseji ya adyo chiimire. Foni ndainyamula kawiri, kawiri ndaibwezera.

Lamulungu, 17 Novembala

Darlene wabwera osaitanidwa. Orest ameneyo. Wayamba kuona ng'ombe, kenako manja anga. Ndati akwere pampando. "Ayi Tato, kwerani inuyo. Ndi manja amenewo muthyola nati, tiyambirenso."

Pa ntchito imeneyi ndinali ndisanakhalepo pamwamba. Ukakhala pamenepo suona chilichonse, umangodikira mawu a munthu ali pansi. "Pitirizani! Pitirizani! Basi!" Yalira. Utsi wakuda bii. Mitolo iwiri kukhola, ng'ombe kuthamangira ngati ana.

Nsapato zake zakutauni zanyowa dizilo. Tamwa tiyi. Polowa m'galimoto akuti, "Sizinagone ndi njala, ndaona. Khalani. Koma ikadzazima mu Januwale, msewu utatsekeka ndi chipale, mudzaitana ndani?" Ndati pita kusanade.

Lachitatu, 20 Novembala

Ikulira bwino. Ndapaka chala pa paipi m'mawa uliwonse, youma. Palibe akundithamangitsa pano.

Masiku atatu funso lija. Podyetsa, podya, potcha nkhuni. Januwale wa kuno ndimamudziwa, ndipo zolira ndi njala zidzakhala ng'ombe, osati ine.

Ndaimbira Orest ndekha kuti abwere mawa adzaone ng'ombe, atchule mtengo. Kwa nthawi yoyamba sanandinyoze. Anangofunsa, "Zonse, Metro?" Ndati itsale imodzi, Rosie, yokalambayo, imene inabadwira m'khitchini mwathu chaka cha chisanu choopsa. Wati chabwino.

Ndapita kukhola kukaiona. Inali itagona pakati pa zinzake, ikubzikula, nthunzi ikutuluka pamsana. Ng'ombe ikatsala yokha imasiya kudya, imangozungulira mpanda. Ndinaonapo.

Ndamuimbiranso Orest. Zonse, ndi Rosie yomwe.